Chibwenzi chamseri umachijambula bwanji kuti chioneke?

Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto la ntchito yanga yojambula. Kwa miyezi iwiri tsopano ndakhala ndikuphunzira kajambulidwe ka m'mabuku akale a ku France, aja ankalembedwa pamanja pa zikopa, okhala ndi tizithunzi ta golide ndi timasamba m'mphepete. Ndikufuna kupanga tsamba limodzi mwa njira imeneyo, losonyeza mwamuna ndi mkazi amene ali pa chibwenzi chamseri. Ndayesa katatu. Ndinawaika m'munda, ndinawagwiranitsa manja, ndinaikapo ndi maluwa. Akulu anga ataona anangofunsa kuti, "Ukwati wa ndani umenewu?" Zinandipweteka chifukwa ankanena zoona, palibe chosonyeza kuti anthuwa akubisala. Kodi akatswiri akalewo ankachita bwanji?

Yamikani:
Achemwali, ine si wojambula, koma bwanji osangodetsa kumwambako, kukhale mdima wandiweyani? Anthu ozemberana amakumana usiku.

Kondwani:
A Yamikani, mdimawo uchotsa chithunzicho m'nthawi yake. Ojambula a ku Paris a m'ma 1300 usiku sankaujambula. Kumbuyo kwa anthu ankamatako golide wopyapyala, kapena timabokosi tofiira ndi tabuluu ngati bolodi ya drafuti. Nkhani ikhoza kunena kuti kunali pakati pa usiku, koma anthu amaoneka mbee ngati masana. Usiku weniweni wokhala ndi nyenyezi mudzaupeza mochedwa, monga m'buku la René wa ku Anjou la m'ma 1460 limene lili ku Vienna. Ndiye a Tadala, sankhani kaye zaka.

Tadala:
Ndikufuna pakati pa 1300 ndi 1350. Golide uja ndi amene anandikopa.

A Mbewe:
Mwana wanga Tadala, ine ndinaphunzitsa Chifalansa zaka zambiri ndipo nkhani zimenezi ndimazikonda, ndiye undilole nditambasule pang'ono. Vuto lako lagona pa chiwerengero cha anthu. Wajambula awiri. Awiri okha m'munda ndi banja basi, ngakhale utawapaka utoto wotani. Akalewo ankaikapo wachitatu.

Tenga nkhani ya msilikali Lancelot ndi mfumukazi Guenièvre, mkazi wa mfumu Arthur. Buku lalitali la nkhaniyi linalembedwa m'Chifalansa cha m'ma 1215 mpaka 1235. Tsiku limene awiriwa anapsompsonana koyamba sanali okha ayi. Anali pabwalo la udzu, madzulo, anthu ena ali chapafupi pomwepo. Mnzake wa Lancelot, dzina lake Galehaut, ndi amene anakhala mkhalapakati. Mfumukazi inadandaula kuti anthu aona, ndiye anagwirizana kuti atatuwo aweramitse mitu pamodzi ngati akukambirana za ntchito. Lancelot ankangonjenjemera, osalimba mtima, mpaka mfumukazi yomweyo inamugwira chibwano n'kumupsompsona.

Ku Morgan Library ku New York kuli buku la nkhaniyi, nambala yake M.805, lopangidwa kumpoto kwa France cha m'ma 1310 mpaka 1315. Ukaone tsamba 67. Awiriwo akupsompsonana, Galehaut ali pakati pawo ngati khoma, ndipo mbali inayo azimayi a kunyumba yachifumu akucheza pansi pa mitengo. Chithunzi chimodzi, magulu awiri. Ukaphimba azimayiwo ndi chala, mantha onse atha. Ukachotsa chalacho, mtima wako uyamba kugunda kuti wina atembenuka. Ndipo m'nkhanimo mmodzi anaonadi, dona wa ku Malehaut, yemwe nthawi ina anatsokomola dala kuti Lancelot adziwe kuti wazindikiridwa.

Tadala:
Agogo, ndapeza tsambalo pa intaneti. Ndakhala ndikuliyang'ana osaphethira. Chimene chandigwira ndi dzanja la pachibwano lija. Ine ndimaganiza kuti kugwirana manja ndiye chikondi.

Kondwani:
Kugwirana dzanja lamanja, makamaka wansembe ataima pakati, n'chizindikiro cha ukwati m'mabuku amenewa. N'chifukwa chake akulu anu anafunsa za ukwati. Anawerenga chithunzicho molondola ngakhale sanaonepo buku la ku France. Kugwira chibwano ndiye kufunsira kapena kusisitana kwa okondana.

Nachisale:
Moni abale, ndalowa mochedwa, ndimachokera kuntchito. Ine ndimakhala ku London, ndipo zimene akunena bambo Mbewe ndinaziona ndi maso anga, kungoti osati pa chikopa. Ku British Museum kuli kabokosi kosema ndi minyanga ya njovu, kopangidwa ku Paris cha m'ma 1325 mpaka 1350. Minyanga imene ankasema nthawi imeneyo inkachokera ku njovu za ku Africa, ndipo ndinaima kanthawi ndikuganiza za ulendo umene minyanga imeneyo inayenda. Kabokosiko n'kochepa, ukhoza kukanyamula m'manja awiri osavutika.

Pa mbali yake imodzi pali Tristan ndi Iseult. Kwa amene sakuidziwa nkhaniyi: Tristan anatumidwa ku Ireland kukatengera malume ake, mfumu Marc ya ku Cornwall, mkazi. Ali m'chombo pobwerera, iye ndi mkwatibwiyo anamwa kondaine amene anakonzedwera mkwatibwi ndi mfumu, ndipo zinthu zinasokonekera pomwepo. Pambuyo pake mfumu inatsinidwa khutu kuti awiriwa amakumana pakasupe, pansi pa mtengo. Inakwera mumtengomo kuti iwagwire.

Wosemayo anachita izi: mtengo pakati, Tristan mbali iyi, Iseult mbali iyo. M'masamba a mtengo mwatulukira mutu wa mfumu wovala chisoti. Pansi pa mtengo pali kasupe, ndipo m'madzimo muli mutu womwewo. Okondanawo sakuyang'ana kumwamba, aona nkhope m'madzi, adziwa kuti mwini wake ali pamwamba pawo. Ndiye sakukhudzana n'komwe, ayamba kulankhula ngati anthu aulemu wawo, Iseult akudandaula kuti anthu amamunamizira. Mfumu inatsika mumtengo ikudziimba mlandu kuti inakayikira anthu osalakwa.

Tadala mng'ono wanga, taona kuti apa palibe kupsompsonana, palibe kugwirana, koma aliyense woona amadziwa kuti n'chibwenzi. Mpata wa pakati pawowo ndi umene ukunena zonse.

Yamikani:
Eee, koma mfumuyo inapusitsidwa masanasana. Mkaziyu mapanga awiri sanamuvumbwitse?

Nachisale:
Anamuvumbwitsa, achimwene. M'mabuku aatali a nkhaniyi a m'zaka zotsatira muli chithunzi cha Marc akubaya Tristan ndi mkondo wapoizoni pamene ankaimbira Iseult zeze. Kumeneko mfumu imaoneka ikuchokera kumbuyo, iwo osadziwa.

Mayi a Limbani:
Pepani ndilowererepo. Ndawerenga zonse ndipo mtima wanga sukukhazikika. Tikukamba za mkazi wa mwini. Tikukamba za mphwake wa munthu kulowa m'nyumba ya malume ake. Tadala, mwanawe, luso uli nalo, koma bwanji kuthira golide pa chigololo? Ine ndinaona banja la mchemwali wanga likutha chifukwa cha zamserizi. Amene analira ndi ana. Palibe anawajambula iwowo.

Tadala:
Amayi, ndakumvani ndipo sindikupeputsa. Sindikufuna kuchemerera. Chimene chikundikoka ndi mantha aja, munthu kukonda uku akuyang'ana kumbuyo. Koma funso lanu lindikhalitsa pansi.

Kondwani:
Amayi a Limbani, funso lanulo eni ake a nthawi imeneyo analinso nalo. Ku Chantilly, m'nyumba yosungiramo mabuku ya Musée Condé, kuli buku la ziphunzitso zachikhristu lotchedwa Ci nous dit, la cha m'ma 1340. Tsamba ndi tsamba lili ndi kachithunzi pamwamba ndi phunziro pansi. M'menemo muli chithunzi chomwechi cha mfumu mumtengo ndi nkhope m'madzi. Wolembayo anachitembenuza: monga awiriwa anadziletsa chifukwa anaona kuti mbuye wawo akuwaona, nafenso tileke zoipa chifukwa Mulungu akutiona. Chithunzi chimodzimodzi, pa kabokosi ka dona chikusangalatsa ndi uchenjezi wa okondana, m'buku la ziphunzitso chikulalikira. Wojambula sanasinthe kanthu kwenikweni. Anasintha ndi amene wakhala mumtengo m'maganizo a wowerenga.

A Mbewe:
Ndionjezepo, mayi, kuti anthuwa sankaona nkhanizi ngati masewera. M'chaka cha 1314, nthawi yomweyo imene buku la ku Morgan lija linkapangidwa, ku Paris kunabuka mlandu umene umatchedwa wa Tour de Nesle. Akazi awiri okwatiwa ndi ana a mfumu Philippe IV, Marguerite ndi Blanche a ku Bourgogne, anaimbidwa mlandu wa zibwenzi ndi abale awiri, Philippe ndi Gautier d'Aunay. Anyamatawo anaphedwa mwankhanza kwambiri ku Pontoise. Azimayiwo anametedwa mipala n'kutsekeredwa ku Château Gaillard, ndipo Marguerite anafera komweko mu 1315. Ndiye dona amene ankatsegula buku la Lancelot m'zaka zimenezo, n'kuona mfumukazi ikugwira chibwano cha msilikali, ankadziwa bwino lomwe mtengo wake. Ndipo buku lomwelo ukaliwerenga mpaka kumapeto, chibwenzichi ndi chimene chikugwetsa ufumu wonse wa Arthur. Anthu akufa ngati ntchentche.

Mayi a Limbani:
Zikomo bambo. Za mlanduwo sindinkazidziwa. Komabe ndikuona kuti wolakwiridwayo nthawi zonse amamukankhira mumtengo, kamutu kokha, pamene olakwawo atenga tsamba lonse ndi zovala zokongola.

Nachisale:
Apo mwalasa, amayi. Sindikutsutsani.

Chikondi:
Ine ndinamva kuti zonse zili m'tizizindikiro ta m'mphepete. Kalulu ndiye chilakolako, galu kukhulupirika, mbalame yophunzitsidwa kusaka nyama ndiye mwamuna wofunsira. Tadala angoikamo kalulu, nkhani yatha.

Kondwani:
A Chikondi, chenjerani nazo zimenezo. Akalulu ali m'mphepete mwa mabuku a Masalimo, a malamulo, a mbiri, ena akuthamangitsa agalu, ena akuimba malipenga. N'zoona kuti m'Chifalansa chakale dzina la kalulu linkaseweretsedwa ndi mawu otukwana, ndiye nthawi zina wojambula ankatsinzinira wowerenga diso. Koma kalulu payekha sanena kuti chibwenzi n'chamseri. Chizindikiro chimagwira ntchito pamene nkhani yachipatsa ntchitoyo.

Nachisale:
Ndipo pali nkhani imene galu ali ndi ntchito yeniyeni, ndiyo imene ndikanakonda Tadala aijambule. Ndi ndakatulo ya m'ma 1200 yotchedwa La Châtelaine de Vergy, yaifupi, mizere 958. British Museum ili ndi kabokosi kena ka minyanga kosimba nkhani imeneyi kuyambira pachivundikiro mpaka m'mbali, ndipo ku Louvre ku Paris kulinso kena.

Dona wa ku Vergy anakonda msilikali wa mfumu ya ku Bourgogne, koma anamuuza kuti tsiku limene adzaulule, chikondi chatha. Anapangana chizindikiro. Msilikaliyo ankabwera kudzabisala pakona ya munda wa zipatso, osasuntha, mpaka aone kagalu ka donayo kakuthamanga m'mundamo. Kagaluko kakatuluka ndiye kuti m'nyumba mulibe munthu. Palibe kalata, palibe wantchito wotumidwa, kagalu basi.

Mkazi wa mfumuyo anafuna msilikali yemweyo, iye n'kukana. Pokwiya anakamunamizira kwa mwamuna wake. Kuti adziyeretse, msilikali anakakamizika kuulula kwa mfumu, ndipo usiku wina anaitenga kupita nayo kumunda. Mfumu inabisala kuseri kwa mtengo n'kuona kagalu kakubwera, kenako dona uja, yemwe anali mwana wa m'bale wake, akutuluka kudzakumbatira msilikali. Mfumu inalumbira kuti siuza munthu, koma mkazi wake anaiumiriza mpaka inaulula. Pa chikondwerero cha Pentekoste, pamaso pa azimayi onse, mkaziyo anauza dona wa ku Vergy kuti ndi katswiri pophunzitsa kagalu. Ena onse sanamve kanthu. Mwini wake anamva. Analowa m'kachipinda, nalira kuti waperekedwa, n'kufa ndi chisoni. M'kachipindamo munali kamtsikana kamene iye sanakaone, ndipo ndi kamene kanafotokoza zonse. Msilikali atapeza mtembo anadzibaya ndi lupanga. Mfumu inasolola lupanga lomwelo n'kukapha mkazi wake pakati pa gule.

Nthawi iliyonse ndikaiganiza, chimandipweteka ndi chakuti kagaluko kanali kanthu kokoma kwambiri ka awiriwa, ndipo ndi komweko kamene kanasanduka mpeni m'kamwa mwa munthu wina.

Tadala:
Achemwali, tsitsi landiyima. Muli anthu awiri obisala m'nkhani imodzi, mfumu kuseri kwa mtengo ndi kamtsikana m'chipinda.

Kondwani:
Ndipo popeza inu ndinu wojambula, pali nkhani ina imene ikukukhudzani mwachindunji. Lancelot anagwidwa ndi Morgane, mlongo wake wa Arthur, n'kutsekeredwa m'chipinda. Tsiku lina anasuzumira pazenera n'kuona munthu akujambula pakhoma nkhani ya Aeneas, ngwazi ya m'nthano zakale za mzinda wa Troy. Anapempha utoto n'kuyamba kujambula moyo wake pa makoma a chipindacho, kuphatikizapo zonse za iye ndi mfumukazi, ndi mawu ofotokoza pansi pake. M'mawa uliwonse ankalonjera chithunzi cha mfumukazi n'kuchipsompsona. Anathawa pothyola zitsulo za pazenera, koma zithunzi zinatsala.

Patapita zaka, m'gawo lomaliza la nkhaniyi lotchedwa La Mort le roi Artu, la cha m'ma 1230, Arthur anasochera m'nkhalango n'kufika kwa mlongo wake. Morgane anamugoneka dala m'chipinda chomwecho. Kutacha, dzuwa litalowa, mfumu inayamba kuyang'ana makoma, n'kuwerenga mawu aja mmodzimmodzi. Zimene anthu ankainong'oneza iyo n'kumakana, inazikhulupirira itaziona zojambulidwa ndi dzanja la mwini wake.

Ojambula mabuku ankayenera kujambula zimenezi: mfumu itaima ikuyang'ana zithunzi mkati mwa chithunzi. Chilipo m'buku limene linapangidwira Jacques d'Armagnac cha m'ma 1470, lomwe lili ku Bibliothèque nationale ku Paris. Mabuku ambiri a kumeneko mukhoza kuwatsegula mwaulere pa Gallica, tsamba lawo la pa intaneti. Pamenepa wowerenga waima pambali pa Arthur, akuona zomwezo, kungoti iye anadziwa kalekale, masamba mazana apitawo, ndipo anakhala chete.

A Mbewe:
Kondwani wafika pamene ndimafuna kufika. Wachitatu uja nthawi zina sakhala m'chithunzi. Ku British Library kuli mabuku atatu a nkhani ya Lancelot, Additional 10292 mpaka 10294, okhala ndi tizithunzi topitirira 700, ndipo chaka cha 1316 chinalembedwa pa manda m'kachithunzi kamodzi. Muli kachithunzi ka Lancelot ndi mfumukazi ali pabedi. Khoma lakutsogolo palibe, monga mmene ankajambulira nyumba zonse. Ndani akuwaona? Ndiwe wogwira bukuwe. Ndipo kumbukira kuti mabukuwa ankawerengedwa mokweza, anthu atazungulira, kenako n'kuweramira pamodzi kuti aone kachithunzi kosaposa chikhatho.

Mayi a Limbani:
Zikundikumbutsa Davide ali padenga, Bateseba akusamba. 2 Samueli 11. Nayenso anayamba n'kuona.

Kondwani:
Amayi, nkhani imeneyo ankaijambula kwambiri m'mabuku a mapemphero a ku France, pa chiyambi cha Masalimo asanu ndi awiri a kulapa, momwe muli Salimo 51. Jean Bourdichon anajambulira mfumu Louis XII tsamba lotere cha m'ma 1498, lili ku nyumba yosungiramo zaluso ya Getty ku Los Angeles. Davide ali kutali pazenera, wamng'ono. Bateseba ali kutsogolo, wamkulu, m'madzi. Amene ali pafupi naye kuposa Davide ndi mwini buku, amene watsegula kuti apemphere. Ena amati n'chenjezo kwa mfumu, ena amati wojambula ankangosangalatsa maso a bwana wake. Ine ndikaliona ndimakhulupirira kwambiri zachiwirizo, ndipo ndimafunsa ngati inu kuti Uriya ali kuti.

Tadala:
Ndasankha. Ndijambula usiku wa m'munda wa ku Vergy. Mafunso a ntchito tsopano: golide ndiyambe naye kapena ndimalize naye? Ndipo buluu wawo uja ankamutenga kuti? Wanga akuoneka wofooka.

Kondwani:
Yambani ndi golide. Iwo ankayamba kulemba mawu n'kusiya mpata, kenako kulemba mizere ya chithunzi, kenako kupaka phala loyera lokhala ngati pulasitala pamalo a golide kuti patukuke. Likauma ankauzirapo mpweya wa m'kamwa kuti panyowe pang'ono, n'kugonekapo golide wopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kumukwecha ndi dzino la nyama kapena mwala wosalala mpaka awale. Utoto umabwera pambuyo, chifukwa golide amamatirira pa utoto ndipo kukwechako kukhoza kuwononga chithunzi. Buluu wodula kwambiri ankapera kuchokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Badakhshan ku Afghanistan. Utoto ankasakaniza ndi choyera cha dzira kapena utomoni wa mtengo. Inu gulani wolembedwa ultramarine, mupake kawiri mopyapyala. Pomaliza muzungulize anthu ndi mzere wakuda woonda, nkhope muzisiye zoyera ndi kadontho kofiira patsaya.

Nachisale:
Mtengo usaupange waukulu ngati wa zoona. Wawo umakhala wotalika pang'ono kuposa munthu, thunthu loonda, masamba atabulungika pamwamba. Munthu wobisala kuseri kwake amaoneka yense, ndipo palibe vuto. Owerenga ankadziwa kuti kuima kuseri kwa mtengo ndiye kubisala.

Mayi a Limbani:
Tadala, ngati ujambuladi, ndikupempha chinthu chimodzi. Ikamo wina amene adzalire. Asakhale kamutu kokha.

Tadala:
Amayi, ndachita zimenezo. Usiku wathawu ndinalemba mizere ndi pensulo. Kumanzere kuli khomo la nyumba, dona akutuluka, dzanja lake likupita pachibwano cha msilikali koma silinafike. Pakati kagalu, miyendo yakutsogolo ili m'mwamba. Kumanja mtengo, ndi mfumu itaima yathunthu, yofanana msinkhu ndi enawo, dzanja ili pakamwa. Pansi pa tsamba, m'mphepete momwe ena amaikamo akalulu, ndaikamo kamtsikana kaja katakhala pansi pafupi ndi bedi, kakuyang'ana m'mwamba kumene kuli donayo. Akulu anga aona m'mawa uno. Sanafunse za ukwati. Analoza mfumu n'kunena kuti, "Uyuyu akauza ndani?"

A Mbewe:
Pamwamba pa chithunzicho ulembepo mzere umodzi ndi inki yofiira, monga ankachitira, wongonena zimene zikuchitika: mmene mfumu inaonera kagalu m'munda. Ulembe m'Chichewa.

Tadala:
Ndilemba, agogo. Golide weniweni sindinamupeze kuno, ndiyamba ndi wa utoto pa pepala lolimba. A Kondwani, chovala cha dona chikhale chabuluu kapena chofiira? Ndikuopa kuti buluu awiri, cha dona ndi cha mfumu, achititsa anthu kuganiza kuti iwowo ndiye banja.

Kondwani:
Dona buluu, msilikali chofiira, mfumu muipatse chofiirira chokhala ndi ubweya woyera m'khosi. Kagalu kakhale koyera kuti kaonekere pa udzu.